Laputopu ikamakana kugona kapena kudzuka: mmene mungalambalalire zolakwika za firmware

Mwamaliza zanu ku Limbe, mwatseka laputopu, mwaiponya m'chikwama n'kukwera minibasi. Pofika pa Chitakale chikwama chikukuotchani kumsana, batire latheratu. Kapena m'mawa mwaitsegula, kanyali kakuyaka, fani ikulira, koma sikirini ili bii. Mwadina apa ndi apo, mapeto ake mwagwira batani n'kuizimitsa mokakamiza, ntchito ya dzulo yomwe simunasunge n'kupita. Ambiri zikafika apa amathamangira kugula batire lina kapena kukafomatitsa. Ndalama zimapita, vuto n'kubwerera usiku womwewo.

Kawirikawiri wolakwa amakhala firmware, pulogalamu ya pa bodi ija yomwe ambiri timangoitchula kuti BIOS. Pogona ndi podzuka, Windows kapena Linux imatsatira malangizo omwe firmware yaika m'matebulo a ACPI: chipangizo chiti chizime choyamba, chiti chili ndi chilolezo chodzutsa makina, magetsi abwerere motani. Malangizowa akalakwika kufakitale, kufomata sikuwakhudza chifukwa sakhala pa disiki, ndipo inuyo simungawalembenso. Chomwe mungathe ndi kupeza pomwe akupunthwa n'kudutsa pambali.

## Zofunika kukhala nazo

- Chaja yakeyake ya laputopuyo, osati yobwereka yomwe yangokwanira pakamwa.
- Malo omwe magetsi sangakuthawireni pakati pa ntchito, monga pomwe pali inveta kapena sola.
- Fulashi kapena disiki yosungirapo mafayilo anu.
- Foni yojambula bwino, yokhala ndi bandulo.
- Pasiwedi ya Administrator pa Windows, kapena ya sudo pa Linux.
- Kapini kotulutsira simu khadi.
- Kope ndi cholembera. Musadalire mutu, mudzaiwala chomwe mwasintha.
- Ngati Windows yanu ili ndi BitLocker, pulogalamu yokhoma disiki, nambala yake yotsegulira ya manambala 48, yolembedwa papepala.

## Gawo loyamba: dziwani matenda ake

1. Sungani mafayilo, kenako lembani dzina la makina. Lero muizimitsa mokakamiza kangapo, choncho yambani ndi kukopera zonse zofunika pa fulashi. Mukatero, pa Windows dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani `msinfo32`, muwerenge mizere ya System Model ndi BIOS Version/Date. Pa Linux tsegulani Terminal mulembe:

```
sudo dmidecode -s system-product-name
sudo dmidecode -s bios-version
uname -r
```

*Chenjezo:* musakhulupirire sitika ya pansi pa laputopu. Ambiri omwe timagula kuno anayamba agwirapo ntchito kunja, ndipo ena anasinthidwa chikuto kapena bodi yomwe. Khulupirirani zomwe makinawo akunena okha.

2. Gonekani dala, muone kuti ikulephera pati. Chotsani chilichonse cha pa USB: mausi, modemu, fulashi, foni yomwe mukuchaja. Sankhani Sleep pa Windows, kapena lembani `systemctl suspend` pa Linux, mudikire mphindi 2. Chichitike ndi chimodzi mwa izi. Idzuka yokha pakangopita masekondi ochepa. Ioneka ngati yagona koma pansi pake pakhalabe pofunda. Ikana kudzuka. Kapena idzuka bwinobwino koma WiFi, kiyibodi kapena touchpad itafa.

Ikakana kudzuka, musafulumire kugwira batani. Dinani Caps Lock muone kanyali kake. Kakamayaka ndi kuzima, makina ali moyo, yafa ndi sikirini yokha, ndipo ntchito yanu ikhoza kupulumuka: pa Windows dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi kuti dilaiva wa zithunzi ayambirenso, pa Linux dinani Ctrl, Alt ndi F3. Kanyali kakapanda kusuntha ndiye kuti yaumiratu.

Vuto likatha mutangochotsa za pa USB, mwapulumuka msanga. Bwezerani chimodzichimodzi mpaka mupeze choyambitsa.

3. Tulutsani magetsi otsalira pa bodi. Muli kachipu kena kotchedwa EC komwe kamayang'anira batire, fani, kiyibodi ndi chivundikiro, ndipo sikazima ngakhale mwazimitsa kompyuta. Kakasokonezeka kamakhala kosokonezeka mpaka kalekale. Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, mugwire batani loyatsira kwa masekondi 30. Ma ThinkPad ambiri a batire lam'kati ali ndi kabowo pansi; lowetsanimo kapini kaja kwa masekondi angapo. Sitepe iyi ndi yaulere ndipo imatenga mphindi imodzi, koma ndiyo anthu amaidumpha kwambiri.

Mukaona kuti tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo nthawi zonse mukayatsa, kabatire ka CMOS, kakang'ono ka pa bodi kosunga nthawi, katha. Pa makompyuta a pa desiki kamakhala ka CR2032. Sinthani kaye kameneko, apo ayi zonse zomwe musinthe mu BIOS zizifufutika zokha.

4. Funsani makina kuti amadziwa tulo tanji. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho werengani modekha.

Pali tulo tiwiri. Takale ndi S3: chilichonse chimazima kupatula RAM, yomwe imalandira timagetsi tochepa tosungira ntchito yanu. Tatsopano Microsoft imatitcha Modern Standby, pomwe Linux imati s2idle. Mu tulo timeneti firmware sizimitsa makina. Chipangizo chilichonse chimayenera kutsika chokha n'kumadya magetsi ochepa, ndipo purosesa imapumula pokhapokha zonse zitatsika. Zili ngati nyumba ya ana ambiri: mmodzi akakana kugona, nyali siizima. Kadi ya WiFi kapena disiki ya NVMe ikangokakamira, laputopu imaoneka yogona koma ikudya batire, ndipo m'chikwama chotseka, m'minibasi yodzaza mu Okutobala, kutentha kumeneko kulibe kotulukira.

Pa Windows tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe `powercfg /a`. Pamwamba padzalembedwa tulo tomwe tilipo: mzere wa Standby wokhala ndi S3, kapena wokhala ndi S0 Low Power Idle. Pa Linux lembani `cat /sys/power/mem_sleep`. Mudzaona `s2idle` yekha, kapena `s2idle` ndi `deep`. Yemwe ali m'kati mwa mabulaketi ndiye akugwira ntchito panopa, ndipo `deep` ndi S3 uja. Lembani m'kope.

## Gawo lachiwiri: BIOS yeniyeniyo

5. Ikani BIOS yatsopano. Iyi ndi sitepe yokhayo yomwe imachotsa cholakwikacho. Zina zonse ndi zolambalala. Chitsanzo chodziwika ndi ThinkPad X1 Carbon ya 2018: inatuluka yopanda S3, ogwiritsa Linux anadandaula, ndipo Lenovo inadzaonjezera chosankha cha Sleep State kudzera mu BIOS yatsopano. Malaputopu akaunjika ambiri amabwera ndi BIOS yomwe sinasinthidwepo chitulukire kufakitale, pomwe opanga anatulutsa kale zokonza zingapo.

Pitani pa tsamba la opanga okhawo. Dell imafuna Service Tag, HP ndi Lenovo zimafuna serial number. Yerekezani nambala ya BIOS yomwe ili pamenepo ndi ija munalemba pa sitepe 1, ndipo werengani mndandanda wa zomwe anakonza, mukufufuza mawu ngati sleep, resume, S3 kapena standby. Pa Linux yesani kaye njira yachidule, chifukwa makampani atatuwa amatumiza firmware ya makina awo ambiri ku LVFS, nkhokwe ya pa intaneti komwe Linux imatengako firmware:

```
fwupdmgr refresh
fwupdmgr get-updates
fwupdmgr update
```

Machenjezo apa ndi ambiri, ndipo lililonse lili ndi mwini wake amene analira nalo.

Magetsi akazima BIOS ili pakati polembedwa, laputopu ikhoza kusayakanso mpaka mmisiri atalemba chipu ndi makina apadera, ndipo amisiri otere sapezeka pa msika uliwonse. Batire likhale lodzaza, chaja ikhale yolumikiza. Ngati batire lanu ndi lija longokhala mphindi 5, musayerekeze kuchita izi kunyumba kudalira magetsi a pakhoma. Pitani nayo pomwe pali inveta. Mvula ya ziphaliwali ikamamveka kuchokera kuphiri, dikirani mawa.

Ngati komwe muli netiweki imadukaduka, fayilo ikhoza kubwera yoperewera. Pomwe opanga alemba nambala ya SHA-256 pambali pa fayilo, itsimikizireni ndi `certutil -hashfile dzinalafayilo SHA256` pa Windows kapena `sha256sum dzinalafayilo` pa Linux. Zikasiyana, koperaninso, ngakhale zitanthauze kupita nayo pa Luchenza kapena pa boma.

Pa BitLocker sankhani Suspend protection musanayambe. Mukaiwala, Windows ikhoza kukufunsani manambala 48 aja, ndipo ngati munagula laputopu kwa munthu osapatsidwa nambalayo, mafayilo anu atsekeredwa.

Ikayamba kulemba, sikirini imatha kuda, fani n'kulira kwambiri, makina n'kudziyatsa okha kangapo. Manja m'thumba. Musakhudze kanthu.

6. Sinthani zosankha zochepa mu BIOS. Polowa, dinani F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad, F10 pa HP makina akangoyamba kuyaka. Musanasinthe kalikonse jambulani tsamba lililonse ndi foni. Kenako fufuzani izi, zambiri zimakhala pansi pa Power kapena Power Management:

- Sleep State pa ThinkPad, pansi pa Config kenako Power. Chosankha cha Linux, kapena Linux S3, chimabwezeretsa S3.
- Block Sleep pa Dell. Ikakhala yoyatsa, kompyuta siloledwa kugona n'komwe.
- Wake on LAN ndi USB Wake Support. Zimitsani.
- Wake on AC pa Dell, kapena Power On with AC Attach pa Lenovo. Zimitsani.

Chomalizachi kwathu kuno ndi chofunika kuposa momwe opanga anaganizira. Magetsi akabwera pakati pa usiku laputopu ili pa chaja, imadziyatsa yokha, n'kukhala choyaka mpaka kucha, inu n'kumati ndi mizimu.

*Chenjezo:* mukasankha Load Defaults, onaninso SATA Operation kapena SATA Mode. Ikachoka pa AHCI n'kupita pa RAID, kapena kubwerera kwina, Windows imakana kuyaka ndipo Linux imatha kusaiona disiki. Zithunzi za pa foni zija ndi za nthawi ngati imeneyi. Mukapeza BIOS ili ndi pasiwedi ya kampani yomwe inali nayo kale, bwererani kwa amene anakugulitsani.

Gonekaninso muone. Ngati zatheka, dumphani mpaka sitepe 11.

## Gawo lachitatu: kulambalala

Kuyambira pano lamulo ndi limodzi: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenako china.

7. Ikamadzuka yokha, pezani wodzutsayo. Pa Windows, ikangodzuka lembani izi:

```
powercfg /lastwake
powercfg /devicequery wake_armed
powercfg /waketimers
```

Loyamba likuuzani chomwe chadzutsa, lachiwiri zonse zomwe zili ndi chilolezo, lachitatu mapulogalamu omwe atchera alamu. Kawirikawiri ndi mausi kapena kadi ya netiweki. Lowani mu Device Manager, tsegulani chipangizocho, pa Power Management muchotse chizindikiro pa Allow this device to wake the computer. Pa makina a Modern Standby tsambali nthawi zina silioneka. Pamenepo `powercfg /sleepstudy` imakulemberani lipoti loti mutsegule pa burawuza, ndipo mizere yofiira imatchula chomwe chinadya batire.

Pa Linux lembani `cat /proc/acpi/wakeup`. Yang'anani mizere yolembedwa enabled. XHC kapena XHCI ndi USB, LID ndi chivundikiro, GLAN ndi netiweki ya waya, ndipo mayina oyamba ndi RP, PEG kapena GPP ndi njira za PCI Express, polumikizira zipangizo monga kadi ya WiFi ndi disiki ya NVMe. Pa mabodi ena a AMD, GPP0 ndiye amadzutsa makina akangogona. Letsani chimodzi:

```
echo XHC | sudo tee /proc/acpi/wakeup
```

*Chenjezo:* lamuloli limatembenuza. Mukalilemba kawiri mwabwezeretsa chilolezo chija. Komanso limaiwalika mukazimitsa makina. Sitepe 9 ikuonetsani molikhazikitsira. Musaletse LID ndi batani loyatsira nthawi imodzi, mungasowe chodzutsira.

8. Ikamatentha ili mtulo kapena ikamakana kudzuka, sinthani mtundu wa tulo. Ngati pa sitepe 4 munaona onse awiri pa Linux, yesani winayo:

```
echo deep | sudo tee /sys/power/mem_sleep
systemctl suspend
```

Pa intaneti mudzapeza anthu ambiri akulumbira kuti `deep` ndiye mankhwala. Pa makina akale ndi zoona. Pa atsopano ambiri, opanga anasiya kuyesa S3. Dzina lake lilipo m'matebulo koma njirayo inamera udzu, ndipo laputopu imagona osadzukanso. Pamenepo `s2idle` ndiye wabwino, makamaka ndi kernel yatsopano (kernel ndi mtima wa Linux, womwe umalamulira zipangizo). Ine ndimayesa onse awiri, osakondera. Amene wagwira mumukhazikitse ndi `mem_sleep_default=deep` kapena `mem_sleep_default=s2idle` monga ndifotokozere m'munsimu.

Onse akalephera, Linux ili ndi njira yoyeserera tulo popanda kugona kwenikweni:

```
echo devices | sudo tee /sys/power/pm_test
echo mem | sudo tee /sys/power/state
```

Makina azimitsa zipangizo, adikira masekondi 5, n'kubwerera okha. Akauma apa, vuto ndi dilaiva wa chipangizo china, osati firmware. Akabwerera bwino, bwerezani ndi `platform` m'malo mwa `devices`. Akauma pa `platform`, mwaigwira firmware. Mukamaliza bwezerani `none`, apo ayi kompyuta sidzagonanso zenizeni mpaka mutaizimitsa. Mukayatsanso pambuyo pouma, `journalctl -b -1 -k` imakuonetsani zomwe kernel inalemba ulendo wathawo. Yang'anani mizere yomaliza ndi ya ACPI Error.

Ikauma osasiya mawu alionse, pali `pm_trace`. Lembani `echo 1 | sudo tee /sys/power/pm_trace`, gonekani, ikauma zimitsani n'kuyatsa mwachangu, kenako `sudo dmesg | grep "hash matches"`. Idzatchula chipangizo chomwe inali nacho pomwe imauma. Njirayi imabisa uthenga wake mu wotchi ya pa bodi, choncho nthawi idzasokonekera. Ikonzeni msanga, apo ayi masamba a intaneti akana kutseguka.

Tsopano mawu opatsa kernel. Poyatsa, gwirani Shift kapena dinani Esc kuti GRUB, tsamba losankhira poyambitsa Linux, ioneke, dinani `e`, pitani kumapeto kwa mzere woyamba ndi `linux`, onjezerani mawu amodzi, mudine Ctrl ndi X. Kusinthaku ndi kwa ulendo umodzi wokha, choncho zikavuta mungoyatsanso. Oyenera kuyesa:

- `acpi_osi=! "acpi_osi=Windows 2015"`. Firmware imafunsa kuti ikulankhula ndi Windows iti, n'kusankha malangizo molingana ndi yankho. Windows 2015 ndi Windows 10, Windows 2012 ndi Windows 8, Windows 2009 ndi Windows 7. Yambani ndi yomwe laputopuyo inatuluka nayo. Nthawi zina izi zimakonza tulo koma n'kupha mabatani ochepetsera kuwala.
- `nvme_core.default_ps_max_latency_us=0`, ngati ikadzuka disiki ya NVMe imasowa.
- `pcie_aspm=off`, ngati WiFi kapena disiki ikusowa podzuka. Batire lizitha msangako.
- `i915.enable_psr=0`, ngati sikirini ya Intel imakhala yakuda kapena kuphethiraphethira.
- `button.lid_init_state=open`, ngati imadzuka n'kugonanso nthawi yomweyo chifukwa firmware ikunama kuti chivundikiro n'chotseka.

Amene wagwira mumulembe mu `/etc/default/grub`, m'kati mwa mzere wa `GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT`, kenako `sudo update-grub` pa Ubuntu, Linux Mint ndi Debian. Pa `acpi_osi`, zizindikiro zogwira mawu zam'kati zimafuna kamzere kopendekera (`\`) patsogolo pake, motere: `\"acpi_osi=Windows 2015\"`.

A makadi a NVIDIA, onetsetsani kuti `nvidia-suspend.service` ndi `nvidia-resume.service` ndi zoyatsa musanaimbe mlandu firmware.

Pa Windows zida ndi zochepa. Ikani madilaiva a chipset ndi a zithunzi ochokera kwa opanga laputopu, kenako zimitsani Fast Startup mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do. Pali njira yotchuka yolemba PlatformAoAcOverride mu Registry pofuna kuthamangitsa Modern Standby. Imagwira pokhapokha firmware ikadali ndi S3 yamoyo. Ngati ilibe, mutsala opanda Sleep n'komwe. Sindiilimbikitsa kwa munthu amene laputopu yake ndi imodzi yomweyo yolembera mayeso.

9. Ikadzuka china chitafa, lembani kafayilo kokonza kokha. Izi ndi za Linux. Pezani dzina la dilaiva ndi `lspci -k`, pa mzere wa Kernel driver in use. Touchpad ya malaputopu akale imayendera `psmouse`. Yesani kaye pamanja: `sudo modprobe -r psmouse`, kenako `sudo modprobe psmouse`. Chipangizo chikatsitsimuka, pangani fayilo `/usr/lib/systemd/system-sleep/konza-tulo` ndi mawu awa:

```
#!/bin/sh
if [ "$1" = "pre" ]; then
  grep -q "^XHC.*enabled" /proc/acpi/wakeup && echo XHC > /proc/acpi/wakeup
  modprobe -r psmouse
fi
if [ "$1" = "post" ]; then
  modprobe psmouse
fi
exit 0
```

Mzere wa XHC ukukhazikitsa zija za pa sitepe 7, ndipo umayamba waona ngati chilolezo chilipo usanatembenuze. Chotsani mizere yomwe simukuifuna, ikani mayina anu. Pomaliza lembani `sudo chmod +x /usr/lib/systemd/system-sleep/konza-tulo`. Mukaiwala `chmod`, fayiloyo ingokhala phee osachita kanthu, inu n'kumati njirayi ndi yabodza.

10. Zonse zikakanika, siyani Sleep, gwiritsani Hibernate. Hibernate imalemba zonse za mu RAM pa disiki n'kuzimiratu. Poyatsa, firmware imayamba ngati m'mawa uliwonse, choncho njira yolakwika ija simuipondanso. Mumataya masekondi angapo, koma ntchito yanu imakhalapo ngakhale batire lithe, ngakhale magetsi apite tsiku lonse. Kwa wophunzira wa ku MUST woyenda nayo m'chikwama tsiku ndi tsiku, kapena kalaliki wa pa esiteti ya tiyi wokwera nayo kabaza, ine ndingasankhe iyi ngakhale Sleep itakhala bwinobwino.

Pa Windows lembani `powercfg /h on`, kenako mu Power Options sankhani Choose what closing the lid does, muike Hibernate pa On battery.

Pa Linux pamafunika swap, malo a pa disiki othandizira RAM, yokwanira kulandira zomwe zili mu RAM, mawu a `resume=` olozera komwe kuli swap, ndiponso kudziwa kuti pa Ubuntu ndi anzake chosankha cha Secure Boot mu BIOS chikakhala choyatsa kernel imakana Hibernate. Yesani ndi `systemctl hibernate`. Ikagwira, ikani `HandleLidSwitch=hibernate` mu `/etc/systemd/logind.conf` muyatsenso makina. Ngati izi zakuchulukirani, palibe manyazi kungozimitsa. Laputopu ya SSD sichedwa kuyaka.

*Chenjezo:* ngati muli ndi Windows ndi Linux pa makina amodzi, musatsegule disiki ya Windows kuchokera ku Linux pomwe Windows ili pa Hibernate. Mafayilo amaonongeka.

11. Yesani mokwanira musanaike m'chikwama. Kudzuka kamodzi si umboni. Gonekani ndi kudzutsa kangapo pa chaja, kangapo pa batire. Kenako yesani zosakaniza: gonekani ili pa chaja, zulani, mudzutse, gonekani pa batire, lumikizani, mudzutse. Firmware zambiri zimapunthwa pomwepa, pomwe magetsi asintha makina ali mtulo, ndipo kwathu kuno zimenezi zimachitika zokha magetsi akazima. Pa Modern Standby zolowerani kuzula chaja kaye, kenako n'kutseka.

Pa Linux mukhoza kutchera alamu: `sudo rtcwake -m no -s 60`, kenako `systemctl suspend`. Musagwiritse `-m mem` poyesa kafayilo ka pa sitepe 9, chifukwa imadutsa systemd pambali ndipo kafayiloko sikaitanidwa.

Mayeso omaliza ndi a usiku. Lembani kuchuluka kwa batire, zulani chaja, gonekani pa tebulo, muone m'mawa. Kutsika pang'ono n'kwabwinobwino. Likatsika ndi gawo lalikulu, kapena mukaigwira ili yofunda, sinagone. Bwererani ku sitepe 7 kapena mungopita ku 10.

## Zolakwa zomwe anthu amabwerezabwereza

Kusintha zinthu zisanu nthawi imodzi. Wina amakopera mzere wautali wa mawu a kernel kwa munthu wa laputopu ina, zikagwira sadziwa chagwira n'chiti, ndipo zinayi zotsalazo zikumudyera batire pachabe. Zikadzavuta pakatha miyezi, sadziwanso pochotsa.

Kuika BIOS ya makina ofanana dzina. Latitude ndi banja lalikulu, EliteBook 840 ili ndi mibadwo yambiri, ndipo G3 si G5. Mapulogalamu a opanga nthawi zambiri amakana okha fayilo yolakwika, koma mafayilo otoledwa pa masamba osadziwika kapena otumizirana pa WhatsApp alibe chitetezo chimenecho.

Kuchita mantha ndi ACPI Error aliyense. Makompyuta ambiri amalemba mizere yotere poyaka ndipo amagona bwinobwino. Ofunika ndi okhawo olembedwa pa nthawi yogona kapena yodzuka.

Kuthamangira kulemba DSDT yanuyanu, limodzi mwa matebulo a ACPI aja, ndi `acpidump` ndi `iasl`. Zimatheka, akatswiri amachita, koma mukadzangoika BIOS ina kapena kuonjezera RAM, tebulo lanulo likhoza kusagwirizananso ndi makina. Si ntchito yoyambira.

Kuika `HandleLidSwitch=ignore`, kapena Do nothing pa Windows, n'kumati vuto latha. Laputopu idzasiyadi kuuma, chifukwa sikugonanso n'komwe. Mukaitseka n'kuiika m'chikwama imakhala ikugwira ntchito, mpweya ulibe polowera, ndipo batire lotenthedwa kawirikawiri limafooka msanga, nthawi zina n'kufufuma mpaka kutukula touchpad. Mukaona touchpad yatukuka, lekani kuichaja, batirelo lichotsedwe.

Kuiwala kuyesanso pambuyo pa BIOS kapena kernel yatsopano. Cholakwika chija chikakonzedwa ndi opanga, `pcie_aspm=off` ndi anzake amakhala akungokudyerani batire. Tsegulani kope lanu, chotsani mawu amodzi mu GRUB, mubwereze sitepe 11.